Ng'ombe ya Kampani ya Ndege

Ndinadzuka tambala asanalire. Sindinagone kwenikweni, ndinangotsamira khoma la nyumba ya apongozi anga ku Nyalugwe, mmene munali bokosi la mkazi wanga Esinati. Amayi a kwaya anali atasasa mawu. Ochepa ankaimbabe motsitsa nyimbo zimene anabwera nazo kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo.

Esinati anafera m'munda akutola thonje. Kandege ka kampani yonyamula osaka nyama kuchigwa cha Luangwa kanamugwera. Woyendetsa anatulukamo ndi bala pachipumi basi.

Kutayamba kuyera ndinapita kumoto. Kunkazizira, nkhuni zikukana kuyaka. Mayi wina ankauzira moto ndi kapaipi kachitsulo. Sindinadabwe, chifukwa anthu anatola zidutswa za ndegeyo tsiku lomwelo, ena kukasulira mapoto, ena kukatsekera makola a nkhuku. Koma kapaipika kankanunkhabe mafuta, ndipo pamene kanang'ambika kale panali pokulungidwa ndi malegeni, monga timamangira katundu panjinga.

Loya wa ku Chipata, mnzanga wa ku koleji, anali atandichenjeza pafoni ya ku positi ku Nyimba. Anati kampani idzanena kuti inali mphepo, choncho ndisunge chilichonse cha ndegeyo, ndipo tisalandire chipepeso chotseka mlandu. Ndinapempha kapaipiko n'kukabisa m'jekete.

Dzuwa litakwera anthu anadzaza bwalo, ena panjinga, ena pangolo, ambiri wapansi. Kenaka inafika lole ya kampani. Munatsika bambo wovala tayi yakuda, anyamata ake n'kutsitsa ng'ombe yonona. Anyamata omwewo anayamba kuzungulira m'makomo kutolera zidutswa za ndege posinthanitsa ndi sopo.

Kuno, ng'ombe ya wolakwa ikaphedwa pamaliro, anthu n'kudya, mlandu watha. Bambo wa tayi uja ankadziwa zimenezo. Malume ake a Esinati, eni maliro, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo, ife tinabwela kuno tikuthawa mfuti. Makhoti a Boma sitiwadziwa. Lekani tiike mwana mwamtendele."

Mkamwini sayankha pamaliro. Ndinangopita kukaima pakati pa ng'ombe ndi munthu wa nkhwangwa amene ankati aiphe, manja kumbuyo. Wina anang'ung'udza kuti sukulu yandiwononga.

Amene anathetsa nkhaniyo ndi apongozi anga aakazi. Anatuluka m'nyumba ya maliro, chinthu chimene mayi wofedwa sachita bokosi lisanatuluke. Anamasula chingwe cha ng'ombe pamtengo n'kuchiika m'manja mwa bambo wa tayi uja.

"Mwana wanga si ndiwo," anatero, n'kubwerera m'nyumba.

Tinanyamuka masana, fumbi likutilowa m'maso. Njira ya kumanda imadutsa m'mphepete mwa munda womwewo. Thonje linali lopondeka, mzere wa nthaka yokumbika ukuonekabe. Onyamula bokosi anafulumira pamenepo. Ine ndinayenda pang'onopang'ono.

Kumanda, bambo wa tayi anaika nkhata ya maluwa apulasitiki. Ndinamuyang'ana mpaka anagwetsa nkhope. Abusa analalikira za kukhululuka, ndipo ndinamva mawu onse. Sindinakhululuke. Ndikufuna amene anamanga malegeni aja, ndi amene analamula kuti ndege iuluke choncho, adzaime pamaso pa woweruza n'kutchula dzina la Esinati. Ndikufuna alipire mpaka atagulitsa ndege zotsalazo. Ndinaponya dothi langa osalira.

Anthu anadyera nyemba tsiku limenelo, ena akudandaula poyera. Lole inabwerera ndi ng'ombe yake.

Madzulo nyumba inali zii. Malume anandidutsa osandilankhula. Pakona panali thumba la thonje limene Esinati sanamalize kudzaza. Apongozi aakazi aja anandiona ndikutulutsa kapaipi kaja, anakayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatsegula thumbalo okha. Ndinakakwirira m'thonje lake. Kakhala mmenemo mpaka tsiku lometa maliro litadutsa, ndipo kadzakwera nane basi ya ku Chipata.