Kiyi wa Geti la ku Kahawa

Chimene chinandidzutsa m'bandakucha ndi kulira kwa unyolo pageti. Amayi a kwaya anali atangosiya kuimba, nkhuni zophikira tiyi zikufuka chifukwa cha mvula yowaza. Nditasuzumira ndinaona amalume aakulu, amene anachokera ku Ntcheu, akukhoma loko n'kuponya kiyi m'thumba la jekete.

Anati maliro a mng'ono wawo satuluka pokhapokha ngati akupita kumudzi. Koma malemuwo anali atanena kuti adzagone ku Nairobi konkuno, kumene kuli mkazi wawo wa ku Kenya ndi ana.

Ine ndinaleredwa ndi agogo makolo anga atamwalira, ndipo ndinazolowera kungoyang'ana osayankhula. Kuno ku Kahawa, dera la mu Nairobi, ndinkawalembera malemuwo pakompyuta zimene ankaphunzitsa, nkhondo za ku Ulaya za m'ma 1400. Ankakonda kunena kuti mizinda yambiri ya malinga sinkagwa ndi mizinga. Mthenga ankayenda uku ndi uku mpaka atagwirizana kuti ogonja atuluke mbendera zawo zili m'mwamba, n'kupereka okha makiyi a mzinda popanda manyazi.

Dzuwa litakwera, msewu unadzaza. Ophunzira, a mpingo, Amalawi okhala m'dera la Umoja, onse anaima kunja, galimoto ya maliro ikudikira. Alongo ake a mkazi wa malemu anabwera ndi sowo yodulira loko. Ndinawapempha kuti ayembekeze, ndipo ndinatengera amalume tiyi ndi mandasi.

"Iwenso wasanduka Mkenya?" anandifunsa.

"Ayi amalume. Ndabwera kudzafunsa amene atsogolere bokosi. Malo amenewo palibe angaimepo koma inu."

Ndinayenda kanayi pakati pa khonde ndi geti, kuperekera mawu a amalume ndi a banja la namfedwa. Tinamvana kuti kumanda tiimba nyimbo za Chichewa, iwo ndiwo ayambe kuponya dothi, ndipo atengeko dothi la pamandapo akathire pambali pa manda a agogo kumudzi.

Anatsegula okha. Mvula inali itakata. Anatsogola chipewa chili m'manja, namfedwa pambuyo pawo, ndipo nyimbo imene anayambitsa inagwira mpaka Akenya osadziwa mawu ake. Mamatatu, maminibasi a kuno, anaima kutipatsa njira.

Madzulo nyumba inali zii, mipando itasanjikizidwa pakhonde. Amalume anandipeza ndikusesa phulusa, kathumba ka dothi kali m'khwapa mwawo. Anandiika loko ndi kiyi m'manja.

"Uzitsekera azakhali ako," anatero, n'kutuluka kukakwera takisi.