Shedi Yopanda Msomali

Pawindo la kuchipinda kwanga pali kachibenthu ka simenti, kochepa ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Ukakayang'anitsitsa umaona timaenje tiwiri, nsonga za zala za mwana. Zalazo ndi zanga. Tsiku lina ana anga anakataya kudzala poganiza kuti ndi mwala wamba, ndinakakatolako ndekha, ndipo tsiku limenelo anandidziwa bwino. Ndi chokhacho chimene ndinachoka nacho pabwalo pamene ndinakulira ku Ndirande, chaka chimene amayi anakulitsa shedi yawo.

Amayi anali okhoma mbaula. Musandifunse ngati munthu wamkazi amakhoma malata, funso limenelo ndinatopa nalo ndili wamng'ono. Ntchitoyo anaiphunzira kwa bambo awo kwathu ku Nsanje, ndipo ndi imene inkatidyetsa chichokereni bambo anga kupita ku Joni, kumene anangoti zii mpaka lero. Tinkachita lendi kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya alandilodi, ndipo pambali pake panali kashedi ka masaka ndi malata adzimbiri, kafupi moti amayi ankagwira ntchito chowerama. Ndimakumbukira fungo la penti wopserera akamawotcha migolo kuti aisasule, ndi kulira kwa hamala pa chitsulo cha njanji chimene ankakhomerapo, ngo! ngo! ngo! kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Chilimwe chimenecho magetsi anangoti lero ayaka mawa azima, moti ngakhale anthu a kumayadi anayamba kutsikira ku Ndirande pa magalimoto kudzafuna mbaula. Ntchito inachuluka, kashedi kanachepa, mvula nayo inali pafupi. Amayi anapita kwa alandilodi kukapempha kuti akulitse. Alandilodiwo anali bambo amimba yawo, okonda kukhala pa mpando wa pulasitiki pansi pa mtengo wa mapeyala atavala vesiti, kawailesi kali pakhutu. Anavomera amayi asanamalize n'kulankhula komwe. "Mangani, amayi, mangani. Pano ndi panu." Ine ndinasangalala. Lero munthu akandiuza kuti pano ndi panu chikhalirecho malowo ndi ake, ndimayamba kuyang'ana pamene ndavula nsapato.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali bilidala woyenda m'maganyu. Anafika Loweruka m'mawa ndi pepala la misomali, amayi n'kuwabweza nalo. Ati muno simulowa msomali ngakhale umodzi, chilichonse chigwidwe ndi mabawuti. Mabawutiwo anakawatola kumsika kwa ogulitsa zitsulo zakutha, ena a mabedi, ena a magalimoto akufa, aatali ndi aafupi. Abale, amalume anatukwana chaka chimenecho! Polumikiza paliponse ankayenera kuboola kaye ndi choboolera chopukusa pamanja, thukuta lili kamukamu, pamene msomali akanangomenya kamodzi n'kupita kwina. "Achemwali, kodi tikumanga shedi kapena basi?" Amayi ankangowapatsira bawuti lina.

Ntchito yanga inali yoviika bawuti lililonse mu oyilo wakuda wotsala m'magalimoto, amene tinkasunga m'chitini cha mkaka. Ndikadumphitsa limodzi, amayi ankalimasulitsa kuti ndiliviike. Oyiloyo ankalowa m'zikhadabo osachoka ngakhale ndi phulusa, ndipo Lolemba lililonse aphunzitsi poyendera ukhondo ankandigogoda zala ndi lula. Ndinkabwera ndi misozi, amayi n'kungoti, "Aphunzitsiwo amaphikira pa chiyani? Ukawauze kuti mbaula sikhomedwa ndi manja oyera." Sindinakawauze, mantha.

Nsanamira sanazithire konkire. Anakumba mayenje, n'kuzitsindira ndi miyala. Makoma anali a migolo yosasula. Malata a padenga anawagwiritsa ndi mabawuti okhota ngati mbedza, ndipo pansi anangoyala njerwa pamchenga, popanda dothi kapena simenti pakati pake. Anthu odutsa ankaseka, ati shedi ya amayi a mbaula mphepo ikadzabwera tidzakaitola ku Chirimba. Ine manyazi ankandigwira mpaka m'makutu. Nditafunsa amayi chifukwa, anandiyankha mawu amodzi amene ankawabwereza nyengo yonseyo: "Kwathu madzi akabwera sitikhalira kulira, timanyamula denga." Ndinkaona ngati amayi ayamba kusokonekera mutu. Madzi ake ati, ife tili pamtunda, phiri lili kumsana kwathu?

Alandilodi ankabwera madzulo alionse kudzazungulira, manja ali kumbuyo, kugogoda nsanamira ngati munthu wosankha mbuzi. Ankayamikira kwambiri, koma mawu awo ankathera pamodzi: "Thirani simenti, amayi, chinthu chilimbe." Amayi ankapinda bondo pang'ono mwaulemu, "Tamva, bambo," n'kupitiriza kuyala njerwa zawo pamchenga.

Pa nkhani ya simenti, ine ndinali mbali ya alandilodi. Kwa anzanga kunali makhonde osalala opaka polishi wofiira, ife chilichonse chathu chinali chogwedera, chomangirira, chongoyembekezera. Ndinkafuna kanthu kamodzi kokhazikika. Mwayi unabwera pamene chitsulo cha njanji chija chinayamba kuswa njerwa amayi akamamenyapo, amalume n'kubweretsa simenti yotsala kunsi kwa thumba kuchokera kumene ankagwira ganyu. Amayi anakana. Ine ndinalira, ndinagubuduka, ndinakana kudya. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapumira m'mwamba. "Kang'ono. Pokhala chitsulo basi."

Amalume atasalaza, ndinadikira kuti atembenuke, n'kudinda dzanja langa pakona. Simentiyo inali yozizira, yofewa ngati phala la dzulo, ndipo pambuyo pake inandiwawa m'timabala ta m'zala. Ndinkayembekeza khofi. Amayi anaona, anayang'ana dzanjalo, anayang'ana ine, n'kulowa m'nyumba. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkalowetsa dzanja langa m'chidindocho. Kwa ine nkhani inali itatha: pano ndi pathu.

Shedi inatha, ndipo inali yokongola, asakunamizeni munthu. Yaitali moti amayi kwa nthawi yoyamba ankagwira ntchito choimirira, msana uli chilili. Inali ndi windo lotsegula chokankhira kunja n'kuchirikiza ndi kamtengo, chitseko cha loko, ndi alumali amene mbaula zinkandandalikidwapo kuyambira zazing'ono mpaka za pamaliro. Mvula yoyamba inagwa, fungo la dothi lili guu, ine ndi amayi tili m'katimo, osadontha ngakhale pamodzi. Oseka aja anayamba kudzausa mvula momwemo.

Sabata yomweyo alandilodi anabwera atavala shati, osati vesiti, mwana wawo wamwamuna ali pambuyo akuyeza shedi ndi maso. Ati mnyamatayo akufuna kutsegula vidiyo sho, ndiye mwezi ukatha tituluke. "Mapoto ndi mphasa tengani. Koma chomangidwa pa puloti panga ndi changa, ndi mmene zimakhalira." Ndipo zoona, ndi mmene zinkakhalira. Tinali titaonapo mayi wina pafupi nafe akusiya khitchini ya njerwa imene anamanga yekha, akutuluka ndi ndowa ndi ana basi. Kwa ife kusiya shedi dzinja litayamba kunali kusiya ntchito, chifukwa malata ndi mvula sizionana, ndipo kusiya ntchito kunali kugona ndi njala. Amalume anavula shati kuti amenye munthu. Amayi anawagwira mkono, n'kupindanso bondo kuja. "Tamva, bambo. Chimene chamera m'nthaka yanu ndi chanu." Ndinadana nako kufatsa kumeneko. Ndinkaona ngati amayi anga ndi munthu wamantha, mxii, kupusa kwa ubwana.

M'makomboni anthu othamangitsidwa amakonda kusamuka kusanache, kuthawa maso a anthu. Amayi ayi. Loweruka lomaliza la mweziwo anadikira dzuwa likwere, alandilodi amwe tiyi wawo, akhale pampando wawo uja. Kenako anatulukira azimayi a m'limana lathu, anzawo a amayi opemphera nawo, aliyense ndi nkhata yake m'manja. Amayi anamanga chitenje m'chiuno, anapatsa amalume sipanala, n'kuloza padenga.

Bawuti loyamba linazungulira mosavuta ngati lamangidwa dzulo. Lachiwiri chimodzimodzi. Amalume analiyang'ana lili noninoni ndi oyilo wanga uja, anayang'ana amayi, kenako anaseka mpaka kukhala pansi padenga pomwepo. "Achemwali inu! Ndakugwadirani!" Malata anatsika amphumphu, opanda pong'ambika. Makoma anagona pansi limodzilimodzi. Nsanamira ankangochotsa miyala n'kuzisolola. Njerwa zinkayenda dzanja ndi dzanja kupita mu wilibala, azimayi akuimba nyimbo za kutchalitchi mokhala ngati za paukwati, wina n'kumaponyamo nthungululu. Msewu wonse unadzaza anthu.

Alandilodi anadzambatuka, kawailesi kugwa. Anakuwa kuti uku ndi kuba, ayitana apolisi. Amayi sanakweze mawu, koma aliyense anamva. "Aitaneni, bambo, adzatithandize kusenza. Akafika muwaonetse msomali umodzi umene ndakhoma pamalo panu." Anthu anafa nacho chikhakhali. Bambo aja anali atawerengera madzi a mphutsi, vidiyo sho yawo inkadutsa pamaso pawo ili pamitu ya azimayi, kulowera kumtunda kwa Makata, kumene amayi anali atapeza kale kanyumba kena ife osadziwa.

Dzuwa lisanafike paliwombo pamalopo panali mbee. Amayi anakwirira mayenje a nsanamira, anasesa bwinobwino, kuti asadzanene kuti tinasiya uve. Chinatsala ndi kasimenti kaja kokha. Alandilodi anakaimapo ndi mapatapata awo, akupuma mwabefu, chidendene chili padzanja langa penipeni. "Ichi chokha simunyamula!" Apa sananame, chimenecho chinali chitamera m'nthaka yawo.

Amayi anali atasenza kale mtolo. Anautula, n'kutenga hamala yaikulu ija. "Tapondani pambali, bambo. Simenti ndi yanu. Dzanjalo ndi la mwana wanga." Bambo aja analumpha ngati aponda moto. Ine ndinakuwa, ndinagwira chitenje cha amayi, ndikuchonderera kuti asaswe, alisiye, ndizidzabwera kudzaliona. Mayi wina anandinyamula. Hamala inatsika, ndipo dzanja langa linamwazika pabwalo ponse. Simenti yotsalayo anaisiya osaikhudza.

Ndinatola kachibenthu kamene kanagwera pafupi ndi phazi langa, n'kukafumbata. Njira yonse ya ku Makata ndinakana kusenza kanthu, ndinakana kuyenda pafupi ndi amayi. Azimayi ankandinyengerera, ati amayi ako achita bwino, munthu woipa mtima sumusiyira phazi kapena dzanja la mwana, angalitape. Ena ankati achitira dala kuti bambo aja amve kuwawa. Ine zonsezo sizinkandilowa. Ndinkangodziwa kuti chinthu chimodzi chimene ndinapempha, amayi anga achiswa ndi manja awo pamaso pa anthu.

Shedi inaimanso ku Makata mvula yotsatira isanagwe, mabawuti omwewo m'mabowo omwewo. Inadzasamukanso pambuyo pake, ndipo inandiphunzitsa sukulu mpaka kumaliza. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, amayi ankatero akamamanga. Lero ndili pa puloti panga ku Machinjiri, simenti ndinathira mpaka kubafa, ndipo palibe angandiuze kuti mwezi ukatha nditulukepo. Koma kuti ndifike pamenepa panafunika mayi amene nyengo yonse ija, ine ndikuona ngati tikumanga pokhala, iwo ankamanga ulendo, ndipo kasimenti kaja anandilolera akudziwa bwino lomwe mmene kadzathere.

Pali chimodzi chimene ndinachiona tsiku lija koma osachimvetsa. Amayi anga sankaphonya. Ankatha kukhoma mbaula akucheza ndi kasitomala, maso ali kwina, hamala n'kumagwera pamalo pake. Koma pa dzanja lija, chinthu chachikulu bwino, chosasuntha, dzuwa likuswa mtengo, anamenya koyamba n'kumenya dothi. Anakwezanso, n'kuphonyanso. Kenako anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje asanamenyenso. Ine ndinkati ndi thukuta.