Boti 10 Lafika Padoko

Ku ofesi ya bungwe lina la asodzi pa Mangochi boma, Abiba amakhala m'kachipinda kakumbuyo, iye ndi kompyuta basi. Anzake amati ntchito yake njopweteketsa mutu, ndiye amangomupatsira moni pazenera. Kulemba mapulogalamu anadziphunzitsa yekha, ndipo zikamuvuta alibe womufunsa.

Ndi iyeyo analemba pulogalamu yotumiza uthenga kwa akazi a asodzi boti likafika padoko. M'kati mwake muli mindandanda itatu yoyendera limodzi: manambala a maboti, mayina a eni ake, ndi mafoni a akunyumba.

Komatu kompyuta ili ndi kaumbuli kake. Ikachoka pa boti 1 imalumphira pa boti 10, kenako 11, poti onsewa amayamba ndi wani, boti 2 n'kutsalira kumunsi. Kakonzedwe kake Abiba ankakadziwa bwino, koma sankafuna. Boti 10 linali la amuna ake, Che Wadi, limene linamira ndi mwera kufupi ndi Chembe zaka zitatu zapitazo. Mtembo sunapezeke. Maliro analira, sadaka inachitika, koma dzinalo sanalifufute. M'mawa uliwonse akayatsa kompyuta ankawapeza Che Wadi pamzere wachiwiri, ndipo tsiku linkayambika.

Tsiku lina wapampando, a Bakali, anasuzumira pakhomo.

"Mayi, ngakhale mwana wa sitandade wani amadziwa kuti thuu ndiye amayamba, teni pambuyo. Tikonzereni izi. Ndipo maboti amene kulibe muwachotse."

Abiba anakonza mothamanga, mtima uli kwina. Anaiuza kompyuta kuti iziona nambala yonse yathunthu, maboti n'kufola bwinobwino. Koma anasanja manambala okha. Mayina ndi mafoni zinatsala mmene zinalili.

M'mawa mwake cha m'ma naini, foni inalira m'chikwama chake. Unali uthenga wochokera ku pulogalamu ija.

"Boti la Che Wadi lafika padoko."

Anadzambatuka, mpando n'kugwa. Anakonza mpango kumutu, n'kutuluka mpaka pamsewu, dzanja lili m'mwamba kuimitsa kabaza. Wakabaza ataima m'pamene nzeru zinabwerera. Limene linafika linali boti 2, la Che Shafi, limene tsopano linali pamzere wachiwiri, pomwe panatsalira dzina la Che Wadi ndi foni ya Abiba mwini.

"Tikupita kuti, mayi?"

"Pepani achimwene, pitani."

Anabwerera m'kachipinda kaja, n'kuimbira Ajira, mkazi wa Che Shafi, amene ankadikirabe kwa Mponda.

"Amuna anu afika, musade nkhawa. Ndalakwitsa ndine."

Kenako anasanja mindandanda itatu yonse pamodzi, kuti nambala ikasuntha, dzina ndi foni zizisuntha nayo. Atatha anafufuta boti 10. Analira, ndipo palibe anamumva.

Lero mndandanda ukachoka pa 9 umapita pa 11, a Bakali ndi okondwa. Koma uthenga uja Abiba sanaufufute. Masana anzake akapita kukadya, amatulutsa foni n'kuuwerenganso.