Njerwa za m'kabokosi ka machesi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, matipate atangokhazikika. Malume anga, a Gabiriyele, anali atabwerako ku Zambia kumene anathawira nthawi ya chipani chimodzi. Anapeza ntchito yolemba makalata pamishoni kwathu ku Bembeke, ndipo mu ofesi mwawo munali kompyuta, chinthu chimene anthu ankangochisuzumira pawindo.

Loweruka lina anandilowetsa. Mu kompyutamo munali pulogalamu yokonzera mizinda ya tinjerwa tapulasitiki toseweretsa ana, tija timalumikizana, pamodzi ndi njanji zake. Umasankha kanjerwa n'kukaika pomwe wafuna, njanji n'kuikhotetsa, ndipo ukamaliza makinawo amakuuza kuchuluka kwa tinjerwa tofunika. Tinjerwa tenitenito tinalibe, ngakhale malumewo anali asanatigwirepo. Koma ine mutu unazungulira. Ndinatha mwezi wathunthu ndikujambula mzinda wanga: siteshoni, tchalitchi, msika, ndi njanji yozungulira zonsezo. Malume anandisindikizira papepala, ndipo ndinapita nalo kunyumba nditatupa ngati finye.

Woyamba kuliona anali mlongo wanga Filomena, wazaka zisanu ndi ziwiri. Sitima anali asanaionepo, ankangomva kuti imadutsa kumunsi kwa mapiri, ku Golomoti.

"Achimwene, timange," anatero, chala chili panjanji ija.

Tinagwirizana zoumba njerwa zathuzathu ndi dothi la kudambo, chikombole chake kabokosi ka machesi. Njanji ikhale ya bango, sitima ya zitini. Pepala linati pakufunika njerwa mazana asanu ndi limodzi, ndipo ine, kapitawo wodziika yekha, ndinalamula kuti pasamangidwe kanthu mpaka zonse zitakwana ndi kuotchedwa pauvuni, monga amachitira akuluakulu.

Unali mwezi wa Juni. Amene anakhalako kwathu amadziwa chisanu chake. Chifunga chimakuta phiri mpaka dzuwa litakwera, ndipo njerwa zathu zinkatenga masiku kuti ziume. Filomena ankaumbabe, zala zitauma gwa, mphuno ikuchucha. Madzulo alionse ankafunsa ngati zakwana. Ine ndinkayang'ana pepala langa n'kupukusa mutu.

Tsiku lina pochokera kokumba mbatata ya kachewere ndi bambo, ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe atamanga siteshoni ndi njerwa zosaotcha. Inali yokhota, khomo lili kumbali yolakwika, denga la tsamba la nthochi. Zitini zitatu anali atazimanga ndi luzi n'kumazikoka, akulira ngati sitima imene sanaimvepo.

"Achimwene, kwerani! Tikupita ku Blantyre!"

Sindinakwere. Ndinaigumula ndi phazi, kamodzi kokha.

"Papepala sizili choncho! Kuona maso a nkhono n'kudekha, wamva?"

Mwambiwo ndinaumva kwa bambo, ndipo ndinaunena modzikweza kwambiri. Filomena sanalire. Anagwada n'kuyamba kutola njerwa zimene sizinasweke, n'kumaziika pamzere pomwe ndinkaziyanika. Kukhala chete kwakeko ndinkaganiza kuti n'kumvera, ndipo ndinakondwa nako.

Patangopita mlungu umodzi anayamba kutsokomola. Thupi linatentha, kupuma kunavuta. Amayi anam'bereka kupita naye kuchipatala, kumene anati ndi chibayo. Ine sindinade nkhawa kwenikweni. Ndinkaumba njerwa zotsalazo mwachangu kuti akamatuluka apeze zakwana, tiotche, timange bwinobwino. Zinakwanadi Lachinayi. Lachisanu m'mawa tinamva amayi akubwera akulira kuchokera kumsewu.

Za maliro sindikumbuka zambiri, koma kuzizira kwa udzu kumapazi, ndi kabokosi kakang'ono kamene amuna awiri ananyamula osavutika n'komwe.

Patapita masiku, amayi anandipeza nditakhala kuseri kwa nkhokwe kuja. Anakhala pansi pambali panga. Za siteshoni ija sankadziwa chilichonse.

"Mlongo wako anandituma mawu," anatero. "Anati, 'Mukawauze achimwene kuti sindidzamanganso zokhota. Ndidikira.' Ankatanthauza chiyani, mwanawe?"

Ndinalira mpaka amayi anachita mantha, ndipo zoona zake ndinadzawauza nditakula kale.

Mzinda uja sunamangidwe. Mvula yoyamba inasungunula njerwa zonse, ndipo kwa malume sindinapitenso. Kompyuta sindiida, kapena kukonzekera zinthu, poti lero ndimadya za ntchito yojambula mapulani a nyumba. Koma tsopano ndikudziwa kuti mwana akakuitana kuti usewere naye, nthawi yake ndi yomweyo, ngakhale zimene wamangazo zikhote bwanji. Filomena sankafuna mzinda, ankafuna mchimwene wake. Chimene chimandiswa mtima mpaka lero n'choti anapita akuganiza kuti wolakwa anali iyeyo.