Ndinakana Kumanga Fiyuzi ndi Waya

Ntchito yanga yoyamba sindinaifunsire. Ndinkagulitsa nthochi ndi mtedza wokazinga pafupi ndi msika wa ku Milange, pakhonde loyandikana ndi ofisina, malo okonzera njinga, ya a Bonifasiyo, amene aliyense ankangowatchula kuti a Mesitere, kutanthauza mmisiri wamkulu. Iwo ankakonza njinga za kabaza ndi za anthu onyamula katundu kupita kumalire. Tsiku lina ndinawaona akulimbana ndi kawaya ka nyali, akukayandikiza kumaso, kenako n'kukatalikitsa. Ndinasiya lichero, ndinawapempha chitsulo chowotcherera mtovu, n'kukalumikiza kawayako. Mlongo wanga amaika masola m'midzi ya ku Molumbo, ndipo ndinkamuperekeza, kumugwirira makwerero ndi mita yoyezera magetsi. Mawaya sanali achilendo kwa ine.

A Mesitere anakakoka kawayako, sikanamasuke. Anangoti, "Jowana, mawa usabwere ndi nthochi."

Ndisaname, anali katswiri. Ntchito anaiphunzirira ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, kumene kunalibe sitolo ya zipangizo, ndipo chilichonse choduka ankachimanga ndi waya. Anandiphunzitsa kumata chubu, kuwongola limu ndi masipoko, ndi kumva mabelingi akutha njinga isanaime pakhomo. Ndinkawakonda ngati malume anga. Koma njinga zamagetsi zitayamba kubwera, zambiri zakale zogulidwa ku Mocuba, iwo ankaziyang'ana cham'mbali. Ankati ndi njinga za aulesi, n'kundikankhira ine kuti ndizidzivutikira nazo. Ine ndinalibe nazo vuto, chifukwa amuna okhala pabenchi la ofisina, amene ankati mkazi ndi sipanala n'zosayenderana, pa njinga zimenezi pakamwa pawo pankauma.

Tsiku lovuta linafika m'nyengo ya nandolo. A Mariyano, bambo wonyamula matumba kuchokera kumsewu wa ku Molumbo, anafika akukankha njinga yawo yamagetsi, thukuta lili kamukamu. Njinga yotere ikazima imalemera ngati ng'ombe yokana goli. Anati yangozima panjira, ndipo ogula nandolo kumalire amachotsa sikelo dzuwa likapendeka. Tinamasula malegeni, timizere ta chubu chakale timene aliyense kwathu kuno amamangira katundu, n'kutsitsa matumbawo.

Ndinayamba monga ndimayambira. Ndinapotoza kiyi, kagalasi ka pahandulo kamene kamaonetsa mphamvu ya batire sikanayake. Ndinasolola batire pansi pa kaliyala, ndinaika mita pa mavoti, chala chake chofiira pofiira, chakuda pakuda. Batire linali ndi moto wokwanira. Mano a pulagi anali oyera, opanda dzimbiri. Nditatsegula kabokosi ka fiyuzi pawaya wofiira wochokera ku batire, ndinaipeza yoduka pakati, yakuda ndi mwaye.

"Pronto, matenda ndi amenewo," anatero a Mesitere ali kumbuyo kwanga. Anali atasenda kale waya wakale ndi mano, akupota timikuwa take pachala. Kwathu kuno ndi mmene timachitira. Fiyuzi ya wailesi, ya njinga yamoto, ngakhale ya chigayo, ikapsa timaimanga ndi mkuwa, makina n'kudzuka, aliyense n'kusangalala.

Ndinati, "A Mesitere, fiyuzi siipsa yokha. Pali chimene chaiwotcha. Ndiloleni ndichifufuze."

"Munthuyu akuthamangira sikelo. Bweretsa bateriya kuno."

Sindinawapatse. Batire limenelo linali litatsegulidwapo kale ndi winawake, lomatidwa ndi tepi m'mbali, ndipo sindinkadziwa ngati m'kati munatsala chotetezera chilichonse. Fiyuzi ija ndiyo yokha ndinkaidalira. Komanso m'mawa uliwonse ndinkawaona a Mariyano akudutsa ndi kamtsikana kawo kapayunifolomu pakaliyala, pamwamba penipeni pa batirelo. Ndinaliika pansi n'kuliteteza ndi miyendo yanga.

Pabenchi panali anthu, ndipo onse anasiya nkhani zawo. Pa ofisina ya a Mesitere, ajudanti, wothandizira ngati ine, sayankha pamaso pa kasitomala. Ukhoza kung'ung'udza kuseri, ukhoza kudandaula madzulo potseka, koma osati pagulu. Ine ndimadziwika ndi mtima wapachala, koma tsikulo sunali mtima wokha, ndinkadziwa chimene ndikukana.

"Ubweretsa, kapena utenga chitenje chako uzipita?" anandifunsa motsitsa mawu.

"Ndipita, koma ndithane nayo kaye njingayi."

A Mariyano anasowa kolowera. Anati, "Achemwali, ine zamkangano ayi, ndingofuna iyake." Ndinawayankha kuti ndi mkuwa iyakadi, koma sindingalonjeze kuti kadzayaka kagalasi kokha, batire nalo likhoza kugwira moto. Anakanda kumutu, anakhala pathumba la nandolo.

Ndinazula pulagi ya kabokosi koyendetsa mota kuti mawaya aakulu atsale okha. Ndinatembenuza mita kuika pamene imalira ngati mawaya awiri akhudzana, n'kugwiritsa chala china pawofiira, china pawakuda. Ndinali wotsimikiza kuti ilira. Inangoti zii. Ndinagwedeza mawaya, ndinawakoka, ndinapendeketsa njinga, koma osalira. Wina pabenchi anaseka chikhakhali n'kunena kuti nthochi zikundidikira. Ndinali nditataya ntchito chifukwa cha vuto limene mita ikuti kulibe. A Mesitere sanaseke, anangotambasula dzanja kudikira batire.

Sindinaliperekebe. Ndinayang'ana pansi kuthawa maso a anthu, n'kuona malegeni aja ali mbwee pafupi ndi tayala. Pamenepo mpamene ndinakumbukira kuti njingayi sinazime yopanda kanthu, inazima ili ndi katundu.

"A Mariyano, kwezani thumba limodzi, mulimange monga mumamangira masiku onse."

Anadabwa, koma anachita. Anakoleka legeni pachitsulo cha pansi pa kaliyala, anaponda tayala ndi phazi, n'kukoka ndi mphamvu zonse monga amachitira aliyense amene safuna kutola nandolo mumsewu. Atangokoka kachiwiri, mita inalira, ndipo sinasiye mpaka atamasula. Ndinagwada n'kusuzumira kunsi. Mawaya a batire ankadutsa m'mbali mwa chitsulo chomwecho, ndipo legeni linkawamangira limodzi. Panjinga wamba pamenepo palibe chilichonse, mwakuti munthu amakoleka osayang'ana n'komwe. Tsiku ndi tsiku, m'mabampu a msewu wafumbi, chitsulo chinkadya chikopa cha mawayawo mpaka mkuwa unatulukira mbali yobisika. Katundu akachoka mawayawo ankatalikirana, akamangidwa ankakhudzana.

Ndinadula podyekapo ndi pulayala, ndinasenda, ndinalumikiza ndi mtovu, waya aliyense n'kumukulunga tepi payekha. Kenako ndinawalowetsa m'kapaipi ka pulasitiki n'kuwadutsitsa m'kati mwa felemu, kutali ndi pokoleka malegeni. Ndinathamangira kwa ogulitsa zipangizo za njinga zamoto, ndinagula fiyuzi ya nambala yofanana ndi yopsayo, n'kudzaiika m'kabokosi kake. Tinamanga matumba onse, ndinayezanso, mita inakhala chete. Nditabwezera batire n'kupotoza kiyi, kagalasi kanayaka. A Mariyano anawomba m'manja mwaulemu kwa a Mesitere, kenako kwa ine, n'kuthamangira sikelo yawo.

Mwina mukuganiza kuti a Mesitere anandigwira dzanja. Ayi ndithu. Njinga isanachoke anawerama, anayang'ana polumikiza paja nthawi yaitali, asanaimirire. A Mariyano atachoka, a Mesitere anati, "Ntchito ndi yabwino. Koma wandiyankha pamaso pa anthu. Tenga chitenje chako." Ndinachitenga pamsomali, ndinapita. Ndinalira ndili panjira, osati pamaso pawo.

Kunyumba amayi sanafune kumva za fiyuzi. Anati wamkulu salakwa, ndipo mwana wamkazi wopeza ntchito ya manja m'tauni muno asamasewere nayo. Lamlungu tikuchokera kutchalitchi anagwira tambala wawo wofiira, anamumanga miyendo, n'kundipatsa. "Pita ukapepese. Ukagwade, usakatalikitse nkhani."

Ndinapita, chifukwa amayi anga sindiwakanira kawiri. Ndinawapeza a Mesitere pakhonde la nyumba yawo, akazi awo akusenda chinangwa pambali. Ndinagwada, tinalonjerana, ndinaika tambala patsogolo pawo. Nkhope yawo inamasuka, ndipo ndinaona kuti akungodikira liwu limodzi kuti andiuze zobwera Lolemba. Ntchitoyo ndinkaifuna kwambiri. Kubwerera ku lichero la nthochi, pamaso pa amuna a pabenchi aja, kunkandiwawa kuposa njala.

Ndinati, "A Mesitere, nkhukuyi ndi yothokoza. Munandiphunzitsa ntchito, ndipo sindidzaiwala. Koma si yopepesa. Ikadzabweranso njinga yotere, ndidzakananso."

Akazi awo anasiya mpeni. A Mesitere anandiyang'ana, anayang'ana tambala, kenako anauza mayiwo kuti amulandire.

"Yothokoza ndalandira," anatero. "Pa ofisina yanga mesitere ndi mmodzi. Uyende bwino, mwana wanga."

Sanandiitanenso, ndipo ine sindinapitenso kukapempha. Ndinabwereradi ku nthochi kwa nyengo yathunthu, ndipo a pabenchi anandiseka mpaka kutopa. Lero ndili ndi kakhonde kanga pamsewu wopita kumalire, ndi mita yanga, ndi chitini cha mafiyuzi. Tikakumana ndi a Mesitere ndimawalonjera mwaulemu, iwo amayankha bwino, za ofisina sitizikhudza. Zimandipwetekabe, chifukwa ndinkawakonda.

Amabwerabe anthu othamanga, ena atapota kale mkuwa wawo pachala, akuti ndingowamangira azipita. Ndimawauza kuti akweze katundu, amange monga amamangira, tiyeze kaye. Wokana ndimamulozera njira, okonza njinga ku Milange ndi ambiri. Fiyuzi ikapsa sinalakwe, yagwira ntchito imene anaiikira, ndipo ine sindidzaipepesera kwa munthu aliyense.