Dzanja la a Ndakana

Pamsewu umenewo panalibe amene ankakumbukira dzina lenileni la mayi wosoka zovala pakhonde la sitolo ya zitsulo. Aliyense ankangoti Mayi Musayerekeze, chifukwa mawu amenewa ankatuluka pakamwa pawo kawirikawiri kuposa moni. Sikuti anali aukali ayi. Dzinalo linabwera chifukwa cha mwamuna amene anakwatiwa naye.

Amuna awo anali okhoma malata, munthu wamfupi wa ndevu zoyera kunsonga, wodziwa ntchito yake moti denga lokhoma iwo silinkadontha mpaka mwini nyumba atatopa nalo yekha. Koma makani ndiye anabadwa nawo. Ukawauza kuti akhale pansi, ankaimirira ngakhale miyendo ikunjenjemera. Ukawachenjeza kuti tiyi watentha, ankamugugudiza, misozi ili lengelenge, n'kunena kuti wazizira. Anzawo anawapatsa dzina loti a Ndakana. Dzinalo analikananso, n'chifukwa chake linakhazikika.

Mkazi wina akanalongedza katundu chaka choyamba chomwe. Koma Mayi Musayerekeze anali telala, munthu wozolowera kutembenuza chovala kuti asoke bwino, ndiye anangotembenuzanso kalankhulidwe. Akafuna kuti bambo asambe ankati, "Lero musayerekeze kusamba, madzi ndi ochepa." Posapita nthawi ankamva ndowa ikulira kubafa. Akafuna nsapato za ana ankati, "Musayerekeze kuwagulira, mapazi awo ndi olimba kale." Madzulo nsapato zinkafika, ndi masokosi omwe. Ana anaphunzira, nyumba inamangidwa, mano ovunda anazulidwa, zonsezo ndi musayerekeze. Ngakhale ukwati weniweniwo unayamba choncho. Ali mtsikana anauza mnyamata wamakaniyo kuti asadzaponde pakhomo pa makolo ake, ndipo m'mawa mwake anamupeza ali pomwepo, atavala jekete lobwereka lofika m'mawondo.

Kungoti moyo wotere umatopetsa mutu. Nthawi zina mayiwa ankaiwala kuti akulankhula ndi anthu wamba. Anauzapo mkwatibwi wina kuti asayerekeze kubwera kudzayesa diresi, mtsikanayo n'kumveradi, n'kukasoketsa kwina. Koma kwa amuna awo sanaphonyepo kwa zaka zonsezo, mpaka tsiku lija la mvula.

Denga la wokhoma malata ndi limene limadontha kuposa onse, ndipo lawo linali lotero. Mvula itangokata m'mawa, a Ndakana, munthu wopitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, anatulutsa makwerero. Mayi anali pakhomo akupinda siketi ya kasitomala, mapini ali kukamwa. Atakweza maso n'kuona malata akunyezimira ndi madzi, mtima unalankhula mutu usanakonzeke.

"Bambo, musakwere, malata anyowa."

Anazindikira mawu atatuluka kale. Analavula mapini, akuti akonze, "Ndimati kwerani, kwerani ndithu," koma munthu anali atafika kale pamwamba. Tsoka silinunkha. Phazi linaterereka, ndipo mutu unakamenya pamwala wochapirapo.

Chodabwitsa, a Ndakana anadzuka okha, akusasa matope. Mayi, mantha atawagwira, anaphonyanso kachiwiri.

"Tiyeni kuchipatala."

"Sindipita."

"Chabwino, musayerekeze kupita."

A Ndakana anawayang'ana mokayikira. Malamulo awiri otsutsana anali asanawalandirepo nthawi imodzi, ndiye anawakana onse n'kukagona pampando. Dzuwa litapendeka anayamba kusanza, mawu akusokonekera, kenako sankadzukanso powagwedeza. Anthu oyandikana nawo anawanyamula n'kuwaika m'galimoto. Aka kanali koyamba kuti bamboyo apite kwinakwake osatsutsa, ndipo zimenezi n'zimene zinawaopsa kwambiri mayi.

Kuchipatala anawachita opareshoni, kuchotsa magazi amene anaundana mkati mwa chibade, n'kuwagoneka m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Munali mabedi ochepa ndi makina ambiri, aliwonse akulira kalilidwe kake. Polowa unkasamba m'manja mpaka m'zigongono n'kuvala chimwinjiro chomanga kumbuyo, chimene mayi anaona nthawi yomweyo kuti anachisoka munthu waulesi. A Ndakana anali atametedwa mpala, mutu uli m'bandeji, paipi ili kukamwa, makina akuwapumira. Ankaoneka ang'ono.

Kunabwera alamu awo, mlongo wamkulu wa a Ndakana, mayi wonenepa wa chikwama chachikulu, amene ankakhulupirira kuti palibe mkazi woyenera mchimwene wawo. Adokotala anawaitanira awiriwo m'kachipinda kokhala ndi mipando itatu yosiyana ndi fani yosazungulira. Anali munthu wofatsa, wa maso otopa, wosabisa mawu.

"Opareshoni yayenda bwino, koma sindikunamizani, akhoza kutisiya," anatero. "Kuvulala m'mutu kumaopsa kwambiri zinthu zingapo zikakumana. Munthu akakhala wamkulu, ubongo umachira movutikira. Akachedwa kufika, magazi amakhala atafinya ubongo nthawi yaitali. Bambowa anafika kuthamanga kwa magazi kutatsika, mpweya m'thupi uli wochepa, ndipo mwanadiso mmodzi anali atakula, osachepa tikamuunika ndi tochi. China chimene tiyang'anitsitse ndi chakuti, tikachepetsa mankhwala ogonetsa, azitha kumva ndi kuchita zimene tawauza."

Mayi Musayerekeze anamvetsera ngati akumva miyeso ya suti yovuta. Moyo wawo wonse anali asanakumanepo ndi chinthu chosatheka kubweza kapena kupinda.

"Za msinkhuzo tikhoza kukambirana," anatero. "Chepetsaniko khumi. Ndevuzo n'zamtundu, agogo awo anamera imvi ali kusukulu."

"N'zoona," analumphira alamu, amene anawerengera msanga kuti mchimwene akatsika iwonso atsika. "Chotsani khumi ndi zisanu. Ine ndinamubereka kumsana, ndipo inetu sindine wamkulu."

Aka kanali koyamba kuti awiriwa agwirizane pa chilichonse. Adokotala anamwetulira pang'ono.

"Papepala ndingalembe zilizonse, mayi, koma ubongo suwerenga pepala."

Mayi anayesa kunenerera za mwanadiso, kuti bamboyo diso limenelo amalitong'ola chikhalire akakwiya. Anayesa za magazi, kuti m'banja mwawo amayenda modekha. Koma za kuchedwa zija sanazikhudze. Zinawakhala pachifuwa ngati simbi yamoto. Ankadziwa kuti akanangoti "kwerani" poyamba, bwenzi amuna awo ali pakhonde akukangana ndi wailesi. Ankadziimba mlandu, ndipo ankaopa kwambiri.

Patapita masiku, mankhwala ogonetsa anachepetsedwa. Anamwino a m'chipindamo, mayi wamtali wolankhula mokweza ngati aliyense ndi wogontha, ankabwera ndi katochi kawo, kuunika m'maso, kenako kuwerama.

"Bambo, tsegulani maso. Bambo, finyani dzanja langa."

A Ndakana, zii. Anamwino ankalemba malikisi otsika. Mayi anapirira kangapo, kenako zinawakwana.

"Pepani anamwino, koma mayeso amenewa sanakhozepo ngakhale ali bwinobwino. Munthu uyu chibadwire sanachitepo chomwe wauzidwa. Mukufuna ayambe lero, mutu uli wong'ambika?"

Anamwino anaseka mpaka kugwira chitsulo cha bedi. "Mayeso sindingasinthe, mayi. Koma inu muzilankhula nawo mmene mumalankhulira kunyumba. Mawu ozolowereka amathandiza."

Anawapatsa chilolezo osadziwa chimene aloleza. Mayi anakoka mpando, kukonza chimwinjiro, n'kuyamba ntchito imene ankaidziwa bwino.

"Bambo, musayerekeze kudzuka. Gonani pomwepo. Maso amenewo musatsegule, kulibe choti muone. Denga lija ndaitana mnzanu wa tsidya lija adzakhome, amakhoma bwino kuposa inu."

Alamu anali atangolowa, akumanga zingwe za chimwinjiro chimene sichinkawakwana. Anamva zonse. Anathamangira mbali ina ya bedi, chikwama chikugunda makina.

"Ndinanena ine. Mukufuna nyumba ndi makwerero omwe. Achimwene, dzukani, musamvere mkazi uyu. Dzukani pompano."

"Alamu, muwapha," ananong'ona mayi, thukuta lili kamukamu. "Musawauze choncho. Bambo, musadzuke."

"Dzukani."

"Musadzuke."

Wodwala wa bedi loyandikana, amene anagwa panjinga yamoto ndipo anali atayamba kupeza bwino, ankatembenuza maso uku ndi uku, osadziwa kuti amvere ndani. Anamwino anawatulutsa onse awiri, aliyense atamugwira pachigongono.

Pabenchi la mukhonde mayi anaulula chinsinsi cha banja lawo, kuyambira jekete lobwereka mpaka mano ozula. Alamu anamvetsera mpaka kumapeto. Mchimwene wawo ankamudziwa, ndipo sakanatsutsa. Kenako nkhope inasintha.

"Ndiye nthawi zonse ndikabwera kwanu, mumati 'khalitsani alamu, musafulumire kupita,' mumatanthauza chiyani?"

Mayi Musayerekeze anayang'ana chithunzi chophunzitsa kusamba m'manja chimene chinali pakhoma, n'kuchiwerenga mosamala kwambiri.

Kuyambira pamenepo ankalowa mosinthana, ndipo alamu nawonso anaphunzira. Unkawamva akunena monyinyirika, ngati akumeza mankhwala owawa, kuti, "Achimwene, musachire." Koma sizinathandize msanga. Thupi linatentha, chifuwa chinagwidwa matenda, ndipo adokotala anati zimenezi zimachitika kwa ogona pamakina nthawi yaitali, komanso zimawonjezera ngozi. Bedi lina la pakona, la wodwala amene achibale ake ankakhala ndi mayi pabenchi, linapezeka loyalidwa bwinobwino m'mawa wina, lopanda munthu. Tsiku limenelo mayi sananenerere chilichonse. Makina awo osokera anali atafundikidwa nsalu kunyumba, ndipo makasitomala anali atasiya kufunsa.

Kutentha kuja kunatsika pang'onopang'ono. Masana ena dzuwa likulowa pawindo, mayi atagwira dzanja lokhakhala lija, akuwauza amuna awo mwaulesi kuti asayerekeze kusuntha, anamva zala zikuwafinya. Anaitana anamwino ndi mawu amene iwo eni sanawazindikire.

Anamwino anabwera, anayang'ana, koma sanasangalale msanga.

"Ndisakupatseni chiyembekezo chabodza, mayi. Dzanja limatha kugwira lokha, ngati la khanda, munthu asakumva kanthu. Chimene chimatiuza zoona ndi kusiya akauzidwa." Anawerama. "Bambo, siyani dzanja la mayi."

Zala zinalimbirapo. Anamwino anabwereza mokweza, mpaka wanjinga yamoto uja anasiya kapu imene anagwira. A Ndakana sanasiye.

Anamwino anaweramuka n'kuyang'ana mayi. "Pamenepa sindingadziwe ngati ndi matenda kapena ndi khalidwe. Tayesani inu, m'chilankhulo chanu chija."

Mayi anayang'ana zala zimene zinawagwira. Zaka zonsezi anali atanena zinthu zambirimbiri zosachokera mumtima, ndipo zinkatuluka mosavuta ngati ulusi. Anali atauza bamboyu kuti asadye, asabwere, asachire. Tsopano ankayenera kunena chinthu chimene ankachifunadi ndi mtima wonse, n'cholinga choti chikanidwe. Dzanja limeneli anali atalidikira masiku onsewa, ndipo sankafuna kuti liwasiye ngakhale pang'ono.

"Bambo," anatero. "Musasiye dzanja langa. Chonde, musayerekeze."

Kwa kanthawi kunkangomveka makina. Kenako chala chachikulu chinanyamuka. Chinatsatira cholozera, kenako zinazo, chimodzichimodzi, mwaulesi koma mwamwano, mpaka chikhatho chonse chinatambasuka pansalu.

"Auzeni asagwire," anatero anamwino, tsopano motsitsa mawu.

Mayi anawauza, zala zinagwira. Anawauzanso kuti asasiye, zinasiya.

Anamwino anakanda m'mutu ndi cholembera. "Akumva. Ngozi sinathe, musakauze anthu kuti achira. Koma akumva, ndipo ndi chinthu chachikulu. Kungoti sindikudziwa kuti adokotala ndikawafotokozera bwanji." Anatuluka mofulumira, nsapato zikulira pasimenti.

Mayi Musayerekeze anatsala okha pambali pa bedi, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, akupukuta mphuno ndi chimwinjiro cha chipatala. Anali osangalala kuposa tsiku lililonse la moyo wawo, komabe zinawapweteka kuti apempha chinthu chimodzi chokha choona, munthu n'kuwakanira. Dzanja lija linali chitambasukire pansalu. Anafuna kunena kanthu, koma mawu alionse anali oopsa, owongoka ndi otembenuza omwe, ndipo anali atatopa nawo.

Anangoika dzanja lawo m'chikhathomo, osanena chilichonse. Popanda wowauza, a Ndakana anapinda zala zawo n'kuligwira.