Aphunzitsi Oitana Mayina Pakhonde

Aneba athu, aphunzitsi opuma pantchito, Lachinayi lililonse amamanga tayi n'kukakwera minibasi pa Songani. Amapita ku Zomba kosungira makalata akale a boma, kukawerenga kaundula wa anthu amene ankatsekeredwa m'chipatala cha amisala nthawi ya atsamunda. Mayinawo amakopera m'kope la ana asukulu. Akabwerako amakhala pakhonde n'kumaitana mayinawo ngati ali m'kalasi. Palibe amayankha, koma iwo sadandaula. Amati ngakhale Sitandade 5 inkatero.

Mawu awo ndi amodzi: "Munthu sasowa, amangolembedwa pena."

Tsiku lina kunabwera mayi Scholastica a kwa Malemia, imvi zili mbuu.

"Aphunzitsi, bambo anga a Makaiko anatchona ku Joni ndili mwana, achibale anatero. Nanga bwanji akuti mumawatchula pakhonde pano?"

Aphunzitsi ananyowetsa chala n'kutsegula kope. "Joni wawo anali pa Zomba pompa, mayi. Ankadwala khunyu. Anakhala m'chipatalamo zaka khumi."

"Pa Zomba? Ine ndinkadutsa pampanda pomwepo Loweruka lililonse, nthochi zili pamutu. Analembanso china?"

"Analemba kuti ankakonda kuima pampanda, maso ali kumsewu. Adokotala anati nachonso n'chizindikiro cha matenda."

Mayiwo sanachoke. Dzuwa litapendeka, aphunzitsi anayamba kuitana mayina monga mwa nthawi zonse. Atafika pa Makaiko, mayiwo anakonza chitenje n'kuyankha:

"Alipo."

Aphunzitsi anachonga.